Nkhope Yoyenera Chithunzi

M'nyumba zathu zambiri kuno ku mapiri a Dedza, pakhoma pamakhala chithunzi cha Ambuye Yesu kapena cha Amayi Maria. Timazikonda zithunzi zimenezi. Zina tidazigula ndi ndalama za kachewere. Koma nkhope zake nzachizungu, ndipo mwana wokula akuyang'ana khoma limenelo amatolapo phunziro limene palibe adamuuza: lakuti nkhope yoyenera chithunzi ndi ya anthu akutali.

Kodi mmisiri weniweni wa utoto amasankha nkhope yotani? Mumzinda wa Valencia, ku Spain, mudabadwa Joaquín Sorolla m'chaka cha 1863. Iyeyu adajambula mfumu ya dziko lake, ndiponso mu 1909 adajambula William Taft, mtsogoleri wa America. Luso lake lidali pa kuwala. Sankataya nthawi ndi tsitsi limodzilimodzi ayi, koma ankapaka utoto mwachangu kuti agwire dzuwa pamene lagwera patsaya, mtambo usanaliphimbe.

Komatu mwa zithunzi zake zimene zidaonetsedwa ku Paris mu 1900, pamene adalandira mphotho yaikulu, chotchuka koposa si cha mfumu. Ndi cha ana olumala akusamba m'nyanja, ena akuyendera ndodo, kwinaku bulazala wa chipani cha Yohane wa Mulungu, atavala mkanjo wakuda, akugwiriziza mmodzi kuti asagwe. Tinene mosabisa: ana otere, m'midzi mwathu muno alipo mabanja amene amawatsekera m'nyumba alendo akafika. Sorolla adawaona padzuwa, nawayang'anitsitsa nthawi yaitali monga momwe adayang'anira mfumu ija.

Ifenso tili ndi amisiri athu. Tikatsika phiri kulowera kunyanja timafika ku Mua, misiyoni imene ansembe a White Fathers adatsekula mu 1902. Kumeneko Bambo Claude Boucher, wochokera ku Canada, adayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri ake adayamba kusema ndi kujambula Yesu, Maria ndi oyera mtima ali ndi nkhope za kwathu konkuno. Mphuno ndi yathu, milomo ndi yathu, masaya ndi a amayi amene timakumana nawo kuchigayo. Munthu ukaima pamaso pa Maria wotere, pakamwa pamayamba kubwera moni, pemphero pambuyo.