Kiyi wa Bokosi la Banja Ali ndi Yani?

M'nyumba zambiri zimene tinakuliramo munali bokosi lacitsulo kunsi kwa bedi. M'menemo ndimo munali kukhala mapepala onse a banja: makhadi a ubatizo, cikalata ca ukwati, makhadi a kusikelo a ana, kalata ya amfumu yonena za malire a munda, ndi zithunzi zingapo zokulungidwa m'pulasitiki poopa ciswe. Kiyi wake anali mmodzi, womangiriridwa pa nsonga ya citenje ca amai. Wofuna kuona kanthu anali kupempha, ndipo amai anali kutsegula, kuturutsa cokhaco cimene capemphedwa, ndi kutsekanso. Panalibe lamulo lolembedwa, koma aliyense anali kudziwa polekezera.

Lero ife ana a nyumba imodzi tinamwazikana. Ena ali ku Katete, ena ku Lusaka ndi ku Ndola, wina ku Johannesburg, ndipo mlongo wathu mmodzi ndi namwino ku Leeds. Atate atamwalira, nkhani za penshoni ndi za munda zinayamba kufuna mapepala kawirikawiri, lero ku Chipata, mawa ku Lusaka, ndipo kutumiza envulopu pa basi kunatitopetsa. Ndipamene mzime wathu anajambula mapepala onse ndi foni, nawaika m'foda ya pa Google Drive, natiitana tonse kuti tizilowamo.

Anyamata amati zinthu zotere zasungidwa mu cloud, ndiko kuti mumtambo, koma kumwambako kulibe kanthu. Zimakhala m'makompyuta akuluakulu a kampani, m'nyumba zazikulu za ku maiko ena, ndipo ife timangozifikira kudzera pa intaneti. Google Drive inayamba mu 2012, ndipo imapatsa munthu malo aulere okwana 15 GB, amene amawagwiritsanso nchito pa makalata a Gmail ndi pa zithunzi za Google Photos. OneDrive ya Microsoft imapatsa 5 GB, Dropbox 2 GB. Izi sizinatibvute kumva. Cimene cinatiimitsa mitu ndi funso limene foni inafunsa mzime wathu pa dzina lirilonse limene analemba: kodi munthu uyu mumpatsa cilolezo cotani?

Zilolezo ziripo zitatu. Amene wapatsidwa ca Viewer amangoona. Wa Commenter amaona ndi kulemba ndemanga pambali, koma sangasinthe kanthu. Wa Editor angathe kulemba, kufufuta, kuikamo zatsopano ndi kucotsamo zina. Pamwamba pa onsewa pali mwini, amene anapanga fodayo. Tsono taonani: mwambo wathu umati mwini mbumba ndi atsibweni. Iwo ndiwo amaweruza nkhani za maukwati, maliro ndi minda. Koma atsibweni athu ali ndi zaka zopitirira 70, maso anayamba kufooka, ndipo cala cao cikakhudza foni pamalo amodzi zimatseguka zinthu zitatu. Makina aja anaika mwana wamng'ono wa tonsefe pa mpando wa mwini, ndipo mwini mbumba weniweni anayenera kulembedwa monga woonerera cabe. Tinakhala masiku angapo tikuzengereza kuti tiwauza bwanji popanda kuwacepsa.

Iwo eni ndiwo anatimasula. Atamva kufotokoza konse anati, "Iwe mwana, sunga kiyiyo, koma usatsegulire munthu ndisanamve." Kuyambira pamenepo lakhala lamulo lathu: cala ndi ca mzime, koma mau ndi a akulu. Tikuganiza kuti mabanja ambiri amalumpha mfundo imeneyi. Poti mwana ndiye adziwa makina, amamusiyira ndi ciweruzo comwe, ndipo mwanayo amasenza katundu amene sali wa msinkhu wake. Mnyamata wa zaka makumi awiri ndi mphambu sayenera kukhala yekha posankha ngati azakhali akuti aone kapena asaone mapepala a kucipatala a amai.

Cilolezo ca Editor ncokoma kupereka, cifukwa cimaoneka ngati ulemu. Koma ciri ndi mphamvu zoposa zimene dzina lake likuonetsa. Ngati mwini sanatseke mwai umenewu, wa Editor angathe kuitana anthu ena ndi kusintha zilolezo zao, mwiniyo osafunsidwa. Tiri ndi ndandanda ya zopereka za ciliza ca atate, yoonetsa dzina, tsiku ndi ndalama. Tinagwirizana kuti onse aziiona, koma olembamo akhale awiri okha, mmodzi wa ku Katete ndi mmodzi wa ku Lusaka. Ena anadandaula kuti kodi sitikuwakhulupirira. Iai, sicinali cifukwa ca kukaikira munthu. Foni ya kholo imagwiridwa ndi ana, imagwiridwa ndi adzukulu, ndipo K500 imasanduka K50 ndi kukhudza kumodzi. Nzoona kuti ndandanda za mtundu uwu zimasunga mbiri ya kusintha konse, moti mungathe kuona amene anasintha ndi nthawi yake, ndi kubwezera zakale. Koma pofika poti abale ayambe kufufuzana m'mbiri imeneyo, mitima yawawa kale.

Cinanso cimene tinaphunzira ncakuti ciriconse coikidwa m'foda cimatenga zilolezo za fodayo. Mukaika kalata ya munda m'foda ya zithunzi za ukwati, onse oona zithunzi aionanso kalatayo. Motero foda imodzi ija tinaigawa. Ya zithunzi ndi yotseguka kwa banja lonse, ndi adzukulu omwe. Ya mapepala a munda, a penshoni ndi a kucipatala, olowamo ndi anai okha.

Pa nkhani ya linki, owerenga okondedwa, tikupemphani mucenjere. Pali njira ziwiri zogawira foda. Yoyamba, yolembedwa Restricted, imalola okhawo amene munawachula ndi imelo zao. Yaciwiri, yolembedwa Anyone with the link, imalola aliyense amene linkiyo yamufika, ngakhale simumudziwa. Yaciwiriyi njosabvuta, ndipo ncifukwa cake anthu amaikonda, makamaka pa nthawi ya maliro pamene mitima iri m'mwamba ndipo wina alibe imelo, wina waiwala pasiwedi. Koma linki yoponyedwa m'gulu la WhatsApp la maliro siikhala m'menemo. M'gulumo muli anansi, anzathu a kunchito, ndi ena amene palibe akumbuka anawaikamo ndani. Ngati m'fodamo muli cithunzi ca citupa ca NRC ca munthu, dzina lake, nambala yake ndi nkhope yake zafika m'manja mwa alendo, ndipo akathyali angathe kuyesa kucita nazo zacinyengo m'dzina lake. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act mu 2021, limene limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera. Ngati boma likufuna kuti maofesi azisamala cotero, nanga ife ndi mapepala a amai athu otibala?

Koma ciyeso cacikulu cinadza pamene ukwati wa mmodzi wa abale athu aamuna unatha. Alamu athuwo anali m'foda zonse. Ndiwo anadwazika amai miyezi yambiri, ndiwo anali kujambula mapepala a kucipatala, ndipo zithunzi zambiri za zaka zotsiriza za atate zinacokera m'foni yao. Ena mwa ife, mtima uli wotentha, anati acotsedwe tsiku lomwelo. Kucotsa munthu nkwapafupi zedi. Mumakhudza dzina lake, musankha kumucotsa, basi. Google siimutumizira uthenga. Iye amadzangoona kuti citseko cimene anali kulowera catsekeka. Ndi kuphweka komweko kumene kunatiopsa. Kumudzi, ukwati ukatha, ankhoswe amakhala pansi, mau amalankhulidwa, katundu amagawidwa anthu akuona. Apa munthu amene wakhala nafe zaka khumi ndi ziwiri akanatha kufafanizidwa mwakacetecete usiku, ndi cala ca mlamu wake wamng'ono.

Mzime wathu anatifotokozeranso zina zimene otentha mtima aja sanali kudziwa. Kucotsa munthu sikubweza zimene anakopera kale m'foni yake. Ndiponso failo iriyonse mwini wake ndi amene anaiikamo, ngakhale ikhale m'foda ya wina. Zithunzi za atate zija, ngakhale tinali kuziona m'foda yathu, zinali za alamu, ndipo zinali kudya malo pa 15 GB yao. Akanafuna kubwezera, akanazitaya, ndipo zotayidwa zimakhala m'nkhuti ya makinawo masiku 30 okha, kenaka nkufafanizika. Tinali kukambirana zowatsekera kunja anthu amene anatisungira cuma cathu.

Atsibweni anayamba ndi kutikumbutsa cinthu cimene tonse tidziwa. Pa mwambo wathu ana amatsata kwa amai ao. Ana atatu a m'nyumba imene yasweka ija adzakulira kwa alamu, ndipo ngati tifuna kuti adziwe nkhope ya agogo ao ndi mudzi wa atate ao, khomo lake ndi amai ao omwewo. Motero anagamula kuti alamu aturuke m'foda ya mapepala ndi ya ndalama, popeza nkhani za munda sizikuwakhudzanso, koma akhalebe m'foda ya zithunzi. Anaonjeza kuti palibe cokhudzidwa pa foni mpaka alongo athu awiri aakulu atayamba alankhula nao. Anawaimbira nati, "Alamu, tisanacite kanthu tati mumve kwa ife." Iwo anayankha kuti anali kuyembekeza kutsekeredwa kunja popanda mau, ndipo anabvomera kuti tikopere zithunzi za atate kuti zikhalenso m'dzina la banja. Mpaka lero amaikamo zithunzi za anawo akamatsegulira sukulu.

Nkhani imeneyi inatitsegula maso pa funso lina limene palibe anafuna kulichula. Ngati zonse ziri m'dzina la mzime, nanga iye atacoka mwadzidzidzi? Imfa siiona msinkhu, ndipo foni imabedwa tsiku lirilonse pa siteshoni. Kuyambira mu December 2023, Google inadzipatsa ufulu wofafaniza akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa nchito, pamodzi ndi zonse ziri m'menemo. Akaunti ya mwini ikapita, mafailo ake amapita nayo, ngakhale ena tonse tikhale ndi zilolezo. Ena amati mankhwala ake nkuuzana pasiwedi, koma kutero nkupereka nyumba yonse kwa munthu amene anangopempha kulowa m'cipinda cimodzi, pakuti pasiwedi yomweyo imatsegula makalata ndi zinsinsi zonse za mwiniyo.

Njira yabwinopo iripo. Kuyambira mu 2013, Google iri ndi dongosolo lochedwa Inactive Account Manager. Munthu amasankha nthawi, miyezi 3, 6, 12 kapena 18, ndipo amachula anthu amene amawakhulupirira, osapitirira 10. Akaunti ikakhala cete kwa nthawi imeneyo, anthuwo amalandira uthenga ndi mwai wokopera zimene mwiniyo anawalolera. Umwini wa failo ungathenso kusamutsidwa kwa wina, malinga winayo abvomere. Koma cenjerani ndi akaunti ya kunchito kapena ya kusukulu: umwini wa zinthu za m'menemo sungasamutsidwe kwa munthu wakunja, ndipo nchito ikatha akauntiyo imatsekedwa. Mapepala a banja asamakhale m'nkhokwe ya abwana. Yang'aniraninso nambala ya foni imene munalembetsa pa akaunti. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira nchito imapatsidwa kwa munthu wina, ndipo mauthenga otsegulira akaunti yanu angayambe kupita kwa mlendo.

Mzime wathu sanakondwe kukambirana za imfa yake ali mnyamata, koma analemba maina awiri, la mlongo wa ku Leeds ndi la mkulu wathu wa ku Ndola. Mapepala enieni sitinataye. Ali ku Katete, ndipo kamodzi pa caka, pa nthawi ya Khrisimasi, timakopera foda zonse pa fulashi imene imasungidwa komweko. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapacala ngwa mphepo.

Tsopano pabuka ina. Mwana wa mlongo wathu wamkulu wapeza mnyamata, ankhoswe anakumana kale, ndipo mnyamatayo, amene ndi waulemu ndithu, wapempha kuti aikidwe m'foda ya zithunzi kuti ayambe kudziwa nkhope za abale. Acinyamata akuti palibe cobvuta, nzithunzi cabe. Atsibweni akuti mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi asanaonetsedwe khomo, adikire ukwati wa mu August. Kufikira tsikulo, aziona zithunzizo pa foni ya bwenzi lake.