Kalata kwa Mphwanga: Za Mawu Osamveka m'Nyimbo za Ana

Wokondedwa mphwanga,

Wandifunsa za mawu aja amene ana amaimba pabwalo mwezi ukawala, amene ngakhale iwe mphunzitsi sukuwamva, ndipo ukuti mwina nkwabwino kuwachotsa ndi kuikapo Chichewa chomveka. Ndikupempha, usatero ayi.

Gombe lathu lino la Kachulu, loyang'anana ndi chilumba cha Chisi, lalandira alendo ambiri. Anyanja ndiwo anali kutchera mono m'madzi ano pamene Livingstone anaiona nyanjayi mu 1859. Ayao anadza nakhazikika cha m'ma 1860. Ndipo kuyambira m'ma 1890 Alomwe, pothawa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, anafika ndi ana kumsana, namanga pakati pathu. Amayi a mitundu yonseyi anasinjira pamodzi, ndipo khanda loberekedwa ndi mlezi wachilomwe linatola nyimbo lisanatole chinenero. Chichewa chitakwezedwa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, makolo ambiri analeka kulankhula Chilomwe ndi ana awo, koma nyimbo zinakana kufa. Zinangopindika pa lilime, kotero kuti liwu limene lero ukuliyesa phokoso chabe likhoza kukhala dzina la mbalame, la mtengo, kapena la mudzi wa kutsidya.

Tsono liwulo ulilembe monga limvekera, osalikonza; ukawaimbire okalamba a Chiyao ndi a Chilomwe, aliyense payekha, kuti wina asatsate pakamwa pa mnzake; pambuyo pake ukalifune m'buku la mawu a Chimang'anja limene David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anatulutsa mu 1892, lomwe Hetherwick analikonzanso mu 1929. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma chenjera ndi tanthauzo lokoma msanga. Angerezi ali nayo nyimbo ya ana yovina mozungulira, imene ambiri amati imanena za mliri wa ku London wa 1665. Komatu akatswiri, monga Iona ndi Peter Opie amene anasonkhanitsa nyimbo zotere m'buku lawo la 1951, sanapeze umboni wakale wotsimikiza zimenezo. Liwu likakana kumasuka, ulembe kuti lakana. Usaliveke chovala cha mwini.

Uyambe ndi agogo a kuchikazi mvula isanagwe, pakuti akufooka, ndipo pamudzi pathu ndi okhawo otsala amene Chilomwe anachiyamwira. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mkulu wako.