Kodi Ana Athu Akudziona M'makatuni a Baibulo?



Masiku ano ana athu ambiri akudziwa nkhani za m'Baibulo asanaphunzire kuwerenga. Pa foni ya bambo kapena pa kanema wa mnansi amaonera makatuni a Nowa, Yosefe ndi Davide, ndipo ife abusa timayamika Mulungu chifukwa cha zimenezi. Komabe pali funso limene sitiyenera kulizemba: mwana akamaona nkhope za anthu a Mulungu pa kanemapo, kodi amadziwa kuti iyenso ndi wa m'banja lomwelo?

Ambiri a ife tinakula tikudziwa Yesu wa khungu loyera ndi tsitsi lalitali losalala. Chithunzi chotere chimene Warner Sallman anajambula ku America mu 1940 chinafalikira kutali, ndipo mu filimu ya Jesus ya 1979, imene yakhala ikuonetsedwa m'midzi mwathu m'Chichewa, amene anasewera Yesu anali Mngelezi, Brian Deacon. Filimuyo yathandiza anthu ochuluka kutembenuka mtima. Koma mwana amakhulupirira zimene waona. Ngati Yesu, angelo ndi aneneri onse ali oyera khungu, iye adzayesa kuti Chikhristu ndi cha Azungu, ndipo kuti ife tinangobwerekedwa.

Opanga makatuni ayesa njira zosiyanasiyana pa nkhaniyi. A VeggieTales, amene anayamba mu 1993, analambalala za khungu pogwiritsa ntchito phwetekere ndi nkhaka zolankhula, ngakhale kuti Yesu sanamujambule motero. Mu The Prince of Egypt, ya 1998, a DreamWorks anajambula Mose, Miriamu ndi Zipora ndi khungu lofiirira, monga anthu a m'maiko adzuwa. Superbook yoyamba inajambulidwa ku Japan mu 1981, ndipo The King of Kings, ya 2025, anaikonza ndi Jang Seong-ho wa ku South Korea. Izi zikutionetsa kuti luso lofotokozera ana Uthenga Wabwino silinapatsidwe kwa mtundu umodzi wokha.

Ife sitikupempha kuti Yesu amujambule ngati Mchewa kapena Mngoni wa ku Angónia. Iye anali Myuda wa ku Nazarete, ndipo ana ayenera kumudziwa motero. Chimene tikupempha ndi choonadi, pakuti Afrika ali kale m'Buku Lopatulika. Mose anakwatira mkazi Mkusi, ndipo Miriamu ndi Aroni atam'nena chifukwa cha mkaziyo, Yehova anawakwiyira (Numeri 12). Amene anatulutsa Yeremiya m'dzenje ndi zingwe ndi nsanza anali Ebedi-Meleki Mkusi (Yeremiya 38). Yesu ali wakhanda anabisidwa ku Aigupto (Mateyu 2), ndipo mtanda wake anausenza Simoni wa ku Kurene, mzinda umene unali m'dziko la Libya la lero (Marko 15:21). Nayenso mdindo wa ku Aitiopiya anabatizidwa ndi Filipo Uthenga usanawolokere ku Makedoniya (Machitidwe 8). Kodi ana athu amawadziwa maina amenewa?

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Chotero makolo, musam'siye mwana yekha ndi foni. Khalani naye pansi, onerani pamodzi, ndipo kanema akatha mum'funse zimene waona. Muuzeni kuti nkhope imene waonayo ndi maganizo a wojambula, pakuti Mauthenga anayi onse sanena za maonekedwe a nkhope ya Yesu. Inu aphunzitsi a Sande Sukulu, phunzitsani nkhani ya Ebedi-Meleki ndi ya Simoni monga mumaphunzitsira ya Davide. Ndipo mwana amene ali ndi mphatso yojambula tisam'dzudzule kuti akutaya nthawi. Mwina ndiye amene adzatikonzera makatuni olankhula chinenero chathu.

Yohane anaona khamu lalikulu la anthu a mafuko onse ndi manenedwe onse litaimirira pamaso pa Mwanawankhosa (Chivumbulutso 7:9). Ndi udindo wathu kuti mwana aliyense wa mumpingo uno akule akudziwa kuti m'khamu limenelo muli malo ake.

Ambuye akudalitseni nonse.