KADZIDZI WA M'KATONI: MASIKU KHUMI KU CHADIZA

Munthu wocokera ku Chipata kulowera kummwera, akayenda makilomita pafupifupi 80, amafika pa boma la Chadiza. Dziko lake ndi lotambalala, koma apa ndi apo pali mapiri a miyala ikuluikulu yosanjikizana ngati kuti wina anaiunjika dala. Malire a Mozambique sali patali. Kuno ndi kwa Acewa a mafumu Zingalume, Mlolo ndi Mwangala, amene caka ndi caka kumapeto kwa Ogasiti amapita ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Ine ndinafika kumeneko m'mwezi wa Julayi, mphepo ya mwera iri kuomba, anthu atatha kukolola. Nkhokwe zinali zodzala ndi cimanga, nsawa zinali pa dzuwa, ndipo anyamata anali kalikiliki kukumba mbewa m'minda. Ulendo wanga unali wokaona amai aang'ono, amene atapuma pa nchito ya uphunzitsi anabwerera kumudzi, kufupi ndi mtsinje wa Nsadzu. Ndinapangana nawo kuti ndidzagona masiku atatu, koma ndinagona khumi, ndipo condicedwetsa cinali mbalame.

Mmawa wa tsiku laciwiri tinamva ana akukuwa kuseri kwa nkhokwe. Titathamangirako tinapeza kadzidzi wa nkhope yoyera ali pansi, phiko lakumanja liri lende. Mnyamata wina anaulula kuti ndiye anamlasa ndi legeni dzulo lake madzulo. Posacedwa panadzala anthu, onse ataima capatali. Amalume, amene ndiwo mwini mbumba, anandikokera pambali nati: “Mphwanga, cimeneci si coseweretsa. Kadzidzi akalira pa denga ndiye kuti maliro ali pafupi. Uwauze amai akowa aciponye ku thengo.” Koma amai aang'ono anawamva, ndipo anayankha mofatsa: “Acimwene, nanga makoswe a m'nkhokwe yanuyi amagwidwa ndi yani usiku inu muli m'tulo?”

Asanayankhidwe, anavula citenje capamwamba, nacifunditsa mbalameyo kuyambira kumutu, nagwira miyendo yake yonse iwiri pamodzi, pakuti cida ca kadzidzi ndi zikhadabo. Anaiika m'katoni yoboola timabowo, pansi atayala nsanza, nakaikhazika m'cipinda ca mdima, kutali ndi nkhuku. Kenaka anasamba m'manja ndi sopo. Kufikira apa zonse anacita bwino. Pamenepo anatulutsa m'sutukesi kabotolo ka timibulu toyera, kolembedwa Arnica 30C. Anati mwana wao wa ku Johannesburg anawatumizira atagwa n'kuvulala bondo, ndipo anafuna kusungunula timibulu titatu m'madzi kuti amwetse kadzidziyo ndi supuni. Ine ndinawapempha kuti ayambe aima.

Okondedwa awerengi, timabotolo totere tikufika m'nyumba zathu ndi abale ocokera kunja, cotero nkoyenera kudziwa ciyambi cake. Mankhwalawa ndi a njira ya homeopathy, imene anaiyambitsa dokotala wa ku Germany, Samuel Hahnemann, mu 1796. Iye atamwa khungwa la mtengo wa cinchona, umene umatipatsa kwinini, anamva m'thupi zizindikiro zonga za malungo. Pamenepo anaganiza kuti cinthu cimene cidwalitsa munthu wabwinobwino cingacize wodwala matenda ofanana nawo, malinga cicepetsedwe kwambiri. Kacepetsedwe kake nkotere: atenga dontho limodzi la mankhwala nalisakaniza ndi madontho 99 a madzi kapena mowa wa m'mankhwala, nakhuchumula, pa zimenezo atapanso dontho limodzi nalisakaniza ndi madontho ena 99. Cilembo ca 30C citanthauza kuti acita zimenezi ka 30. Akatswiri a sayansi amawerengera kuti pofika ka 12, nkovuta kuti mutsale ngakhale kanthu kamodzi ka mankhwala oyamba aja. Madzi otsirizawo ndiwo amadonthezera pa timibulu ta shuga.

Apa mpamene asiyanirana ndi mankhwala a zitsamba amene agogo athu amakumba. M'madzi a muzu wophika muli mphamvu ya muzuwo, yabwino kapena yoipa. Arnica nayenso ndi duwa lacikasu la m'mapiri a ku Ulaya, ndipo kulimwa losasungunula nkoopsa, koma m'kabotolo ka amai aang'ono munalibe duwalo. Mu 2015 bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo, litapenda zofufuza zambiri, linanena kuti palibe matenda alionse amene pali umboni wodalirika wakuti njira imeneyi imawaciza.

Mantha anga tsono sanali pa shugayo. Anali pa supuni ya madzi. Mbalame iri ndi kabowo kopumira kuseri kwa lilime, ndipo madzi othiridwa m'kamwa mokakamiza amalowa mosavuta m'mapapo naipha. Coopsa cina ndi kucedwa. Munthu wokhulupirira kuti wapereka kale mankhwala safulumira kufuna thandizo, pamene fupa la phiko lothyoka limayamba kulumikizana m'masiku owerengeka, ndipo likalumikizana mokhota mbalameyo sidzaulukanso. Yogwidwa ndi mphaka, ngakhale bala lisaoneke, imafuna mankhwala enieni opha tizilombo, cifukwa malovu a mphaka amaipha msanga. Amai aang'ono anamvetsera zonsezi, naika supuni pansi, koma kabotolo sanakabweze m'sutukesi.

Tinatumiza uthenga kwa mlangizi wa ziweto, ndipo anafika pa mthuthuthu tsiku lotsatira. Anapapasa phikolo pang'onopang'ono, napeza kuti fupa silinathyoke, koma mnofu unatupa pamene mwala unamenya. Malangizo ake anali ocepa: mdima, bata, kufunda, ndiponso kusaitsegulatsegula katoni pofuna kuonetsa alendo. Mbalame yakuthengo imaona munthu ngati cilombo, ndipo mantha okha angathe kuimaliza. Anatikumbutsanso kuti mwa lamulo la 2015 la nyama zakuthengo, mbalame zotere si za munthu wozitola. Amene waipeza ayenera kudziwitsa a dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA. Tinacita monga ananenera.

Cakudya ndico cinatisautsa poyamba. Kadzidzi sadya nsima kapena gaga. Amameza mbewa yathunthu, ubweya ndi mafupa omwe, ndipo madzi ambiri a m'thupi mwake amawapeza m'menemo. Amai aang'ono anagamula mlandu ngati mphunzitsi: mnyamata wa legeni uja azibwera ndi mbewa ziwiri madzulo alionse, zokumba kapena za pa msampha, osati zofa ndi mankhwala a makoswe. Usiku woyamba mbalameyo sinakhudze kanthu. Usiku wacitatu mbewa zonse ziwiri zinapita.

Tsiku lina m'katonimo munapezeka kampira kotuwa ka ubweya, kamene kadzidzi amalavula akatha kugaya cakudya. Amai aang'ono anaitana ana, nakaphwanya ndi kamtengo pa cipepala. Munali timafupa ndi kacigaza ka mano akuthwa. Amalume anasuzumira ali ciimire, napukusa mutu, nacoka osanena kanthu.

Yesero lalikulu linadza usiku wacisanu, pamene khanda la m'nyumba yoyandikana nafe linatentha thupi. Kutaca, pacitsime panali manong'onong'o akuti pamudzi pano pali wosunga kadzidzi m'nyumba. Mau otere si ocepa kwa mai wacikulire wokhala yekha, ndipo ine ndinakumbukira mwambi wakuti cifundo cinapha nkhwali. Amai aang'ono sanatsutsane ndi munthu. Anapita kwa make mwanayo namperekeza ku cipatala, kumene anampima magazi napeza malungo. Mwanayo analandira mankhwala, ndipo patapita masiku atatu anali kukwawa pabwalo. Pobwera ku cipatala amai aang'ono sanachule konse za timibulu tao, ndipo ine ndinakondwa mumtima.

Pa tsiku lacisanu ndi cinai kadzidzi anayamba kumenya katoni ndi mapiko onse awiri. Dzuwa litalowa tinapita naye kuseri kwa nkhokwe komwe anagwera, pakuti kumeneko ndiko amadziwa pobisala ndi posaka. Ana anakhala pansi cete. Amai aang'ono anatsegula katoni nabwerera m'mbuyo. Mbalameyo inakhala kanthawi ikutembenuza mutu uku ndi uku, kenaka inanyamuka popanda phokoso ngakhale pang'ono, niilowera ku phiri la miyala.

Pokutumula nsanza za m'katoni ndinapeza timibulu titatu pa ngodya, tosakhudzidwa. Amai aang'ono anaseka nati: “Mwana wanga, sindinamwetse monga unandiletsa. Ndinangomuikira pambali.” Iwo amakhulupirirabe kuti tinathandizako, ine ndikuti kadzidzi anacira ndi mdima, mbewa ndi masiku. Pa cimodzi tinagwirizana, kuti acikhala fupa linathyoka, kabotolo sikakanalilumikiza.

Cotero inu amene mudzapeza mbalame yakuthengo itavulala, ifunditseni nsalu, iikeni m'katoni pa malo a mdima ndi ofunda, musaimwetse kanthu, sambani m'manja, ndipo funani odziwa tsiku lomwelo. Mukapeza mbalame zingapo zitafa kapena zikudwala pamodzi, musazigwire konse, pakuti kungakhale matenda ogwira nkhuku ndi anthu omwe; uzani alangizi a ziweto.

Mmawa wonyamuka, amalume anandiperekeza mpaka pa msewu atanyamula thumba langa la nsawa. Tikudikira galimoto anandiuza kuti usiku anamva kulira kwa kadzidzi ca ku nkhokwe. Ndinawafunsa ngati anaponya cikuni ca moto monga mwa mwambo. Iwo anayang'ana kumbali nati: “Iai mphwanga, kunali kuzizira. Ndinangomusiya agwire nchito yake.”