Filimu ya Dzombe Imene Tidaikuwiza pa Bangula

Ndili ndi ngongole ya kwacha imodzi kwa mkulu wina wa pa Bangula, kwa Mbenje, ndipo sindidzaibwezanso poti mwini wakeyo adatisiya kalekale. Mkuluyu adali ndi nyumba yoonetsera vidiyo kuseri kwa msika: khoma la bango, mabenchi angapo, jenereta yolira ngati chigayo ndi tivi imodzi yokhazika pa mgolo. Tinkangomutchula kuti achimwene ngakhale adali msinkhu wa bambo athu.

Loweruka lina m'chaka cha 1996 adalemba ndi choko pabolodi kuti usikuwo kuli gawo lachiwiri la mtsikana wa ziwanda. Tonse tinkaidziwa The Exorcist, filimu ya William Friedkin ya 1973, chifukwa tepi yake idazungulira mpaka kufwifwa. Mtsikana kutembenuza mutu ngati kadzidzi, kusanza zobiriwira, kutukwana ansembe maso ali gwa! Enafe tidagona koloboyi ali chiyakire sabata yathunthu. Ndiye mwamva kuti kwabwera yachiwiri, mungakhale pakhomo? Tidadzaza nyumba, thukuta lili kamukamu, paja kutentha kwa kuchigwa mu Okutobala mukukudziwa.

Imene adaika idali Exorcist II: The Heretic, ya John Boorman, ya 1977. Theka la ola lidatha mutu wa munthu osatembenuka. Linda Blair wakula, ali bwinobwino, akuphunzira kuvina. Wansembe, Richard Burton, ndi dokotala wamkazi akumanga malamba kumutu n'kumayang'ana babu la phethiphethi ati kuti alowe m'maganizo a mtsikanayo. Wina kumbuyo adakuwa: "Achimwene, mwatiikira ya kuchipatala!" Pomwe James Earl Jones amatulukira atavala ngati dzombe, nyumba yonse idafa nalo phwete. Kenaka kuseka kuja kudasanduka zina. Tidayamba kumenya mabenchi, wina adathyola bango la khoma, tonse tikufuna ndalama zathu. Mkulu uja, manja akunjenjemera, adabweza kwacha kwacha kwa aliyense, chonsecho mafuta a jenereta adali atapsa kale.

Ine ndidali wachitatu pamzere. Koma kunena zoona, filimuyo idali itayamba kundigwira mtima. Ndidakuwa chifukwa amene adandipanikiza mapewa uku ndi uku ankakuwa.

Pambuyo pake ndidadzamva kuti sitidali oyamba. Ku America komwe anthu adaiseka itangotuluka, mpaka Boorman adaidulanso mwamsangamsanga kuyesa kuipulumutsa. Friedkin adainyoza poyera, ndipo mpaka lero imatchulidwa pakati pa mafilimu oipitsitsa. Martin Scorsese ndi mmodzi mwa ochepa amene adaiikira kumbuyo. Mlandu wake waukulu udali wosafanana ndi mkulu wake, monga mwana amene pamudzi amangomufunsa kuti bwanji sadatengere achimwene ake.

Ndidadzaioneranso ndekha pakompyuta, ndili bambo wa ana, popanda wondipanikiza. Zolakwika zilipo ndipo sindizibisa. Makina a babu aja ndi zachibwana. Burton amaoneka ngati munthu amene wakwera basi yolakwika koma akuchita manyazi kutsika. Africa wa mufilimuyi ngwomanga ku America, midzi ya dothi yopanda nkhuku ngakhale imodzi, anthu akuda ali pamenepo kungokuwa ndi kugwa m'maphompho kuti mzungu aphunzirepo kanthu. Izi zimandinyansa lero kuposa momwe zidandisekesera kale. Kumapeto nako nyumba ya ku Washington ikugumuka, nkhani imagumukira limodzi. Ndipo ngati muyeso wake ndi mantha, siopsa olo pang'ono.

Koma kodi idalinga kuopseza? Filimu yoyamba idatsekera choipa m'chipinda chimodzi, pabedi la mwana mmodzi, ansembe awiri n'kuchitulutsa. Boorman adachitulutsira panja, nachipatsa thupi la dzombe. Apa mpomwe munthu wa kuchigwa ayenera kukhala tsonga, poti dzombe ife sitichita kulimva kusukulu.

Agogo anga aakazi ankasimba za dzombe la m'zaka za m'ma 1930, mliri uja wa dzombe lofiira umene udayambira m'madambo a Mweru wa Ntipa ndi Rukwa n'kusakaza mayiko a kuno mpaka 1944. Ankati dzuwa lidazima masana, nthambi zidathyoka ndi kulemera kwake, mapira adatha anthu akuona. Anthu adaguguda zitini, adasonkha utsi, akuluakulu n'kuyang'ana ku Khulubvi kwa Mbona. Koma chimene chinkawazunguza agogo si kuchuluka kwake ayi. "Mwanawe," ankatero, "chiwala chomwechi timagwira m'mawa chili zii ndi mame, timakazinga, timadyera nsima. Chalowedwa chiyani lero?"

Funso la agogoli ndilo funso la filimu yonse. James Earl Jones uja tidamusekayu, dzina lake Kokumo, amadzaonekanso atavala jasi loyera, ali katswiri wa tizilombo. Amamuonetsa wansembe kuti dzombe likakhala lokha ndi lofatsa. Chimalipengetsa ndi kukhudzana mapiko likathinana. Amamuonetsanso dzombe lalikazi limene akulisamala kuti lisamatengeke ndi anzake, mwina n'kudula mliriwo. Tidali otanganidwa ndi mabenchi, izi sitidazimve.

Chodabwitsa nchoti apa filimu ya ziwanda idanena pafupifupi zoona. Boris Uvarov adaonetsa mu 1921 kuti chiwala chokhala chokha ndi dzombe la chikhamu ndi kachilombo kamodzimodzi, kamangosintha khalidwe ndi mtundu. Mu 2001 Stephen Simpson ndi anzake ku Oxford adapeza kuti kungolisisita dzombe la m'chipululu ndi kaburashi pamiyendo yakumbuyo kumalichititsa kuyamba kufuna gulu. Mu 2009 kudadziwikanso kuti mankhwala a m'thupi otchedwa serotonin ndiwo amakwera, ndipo kusinthaku kumachitika m'maola ochepa chabe. Boorman adaphonya chiwalo, adati mapiko m'malo mwa miyendo. Zinazo adalasa. Ndipo madambo athu omwewa a Elephant Marsh ndi Ndindi ali m'gulu la malo amene akatswiri amawayang'anira kuopa kuti dzombe lofiira lingathinanemo.

Tsono chotsani mapiko, ikanipo mapewa. Mu Malichi 2016 anthu asanu ndi awiri adatenthedwa amoyo m'boma lathu lomweli la Nsanje powaganizira kuti adali ndi mafupa a anthu. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa idayenda kuchokera ku Mulanje ndi Phalombe, anthu adaphedwa, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maderawo. Amene adanyamula miyala sadali afiti. Adali anthu oti mutawapeza okha m'mawa akupatsani moni, akugawirani mbatata.

Filimuyi ili ndi mfundo inanso imene ndimaiopa kuposa mutu wotembenuka. Imati chiwandacho chimasankha dala ochiritsa. Kokumo ali mwana ankathamangitsa dzombe pozunguza chingwe m'mwamba, ndipo nchifukwa chake chidamugwira iyeyo. Mtsikana uja naye chidamufuna poti amatha kulankhulitsa mwana wosalankhula. Kwathu kuno chala chikayamba kuloza, chimayambira kwa ndani? Kwa agogo odziwa mizu, kwa azamba, ndipo mu 2017 ngakhale a zachipatala adathamangitsidwa, ambulansi kugendedwa. Filimu yoyamba, ndi ukatswiri wake wonse, ilibe mawu pa zimenezi.

Ndiye ndikaiyesa ndi muyeso wake womwe, ndimati ndi mtanga wosokedwa moipa koma muli mapira enieni. Nyimbo za Ennio Morricone ndi chithunzi chija chouluka kumbuyo kwa dzombe limodzi pamwamba pa dziko, zokhazo zidakwana kwacha yanga.

Lolemba lake ndidadutsa kuseri kwa msika. Mkulu uja adali akusoka bango lothyoka lija ndi luzi, pabolodi atalemba kale Rambo. Ndidamufunsa za tepi ija.

"Ndajambulirapo mpira," adayankha osatukula mutu. "Bwanji, umaifuna?"

Kwacha ija idali m'thumba mwanga. Ndidayang'ana anzanga awiri amene ndidali nawo, n'kunena kuti ayi.