Za Kasikuluwu Kokana Kumasuka pa Buleki ya Njinga Yamoto

Njinga zamoto zachuluka ndithu m'midzi mwathu. Zimanyamula alangizi a zaulimi, aphunzitsi, abusa, ndi odwala opita kuchipatala, ndipo zimadutsa m'tinjira tafumbi ndi tamatope momwe galimoto silingathe kupita. Ife amene timazikwera ndi kuzikonza tifuna kukambirana nanu, abale, za kanthu kakang'ono kamene kamagonjetsa amuna amphamvu, ndiko kasikuluwu kamene mutu wake wadyeka.

Pa njinga imene buleki yake yakutsogolo imagwira ndi mafuta, pali kabokosi pa chiwongolero, kudzanja lamanja, kosungiramo mafutawo. Chivundikiro chake chimamangidwa ndi timasikuluwu tiwiri. Mafuta amenewa, otchedwa DOT 3 kapena DOT 4, ali ndi khalidwe lakumwa chinyezi, ndipo akamwa madzi ambiri amawira msanga pamene buleki yatentha potsika phiri. Pamenepo chogwirira chimafewa, njinga osaima. Chifukwa chake opanga njinga ambiri amalamula kuwasintha zaka ziwiri zilizonse. Koma timasikuluwuto n'tachitsulo, pamene kabokosiko n'ka aluminiyamu, ndipo zitsulo ziwirizi zikakhala pamodzi m'mvula ndi m'matope zimagwirana ndi dzimbiri. Tsiku lofuna kutsegula lifika, kasikuluwu nikakana.

Nanga mutu wake umadyeka bwanji? Taonani, mitanda ya pamitu ya masikuluwu siili yofanana yonse. Wina ndi wa Phillips, dzina lochokera kwa Henry F. Phillips wa ku Portland m'dziko la America, amene anapatsidwa umwini wa mapangidwewo mu 1936. Wina ndi wa muyeso wa ku Japan wotchedwa JIS, umene umapezeka pa njinga zambiri za Honda, Yamaha, Suzuki ndi Kawasaki, ndipo kawirikawiri uli ndi kadontho pambali pa mtandawo. Sikuludalaiva ya Phillips siikhala bwino m'mutu wa JIS. Munthu akapotoza mwamphamvu imakwera nituluka, nipala makona a mtanda. Akabwereza katatu kapena kanayi, potsala ndi dzenje lozungulira lopanda pogwira.

Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawuwa ayenera ntchito iyi koposa. Sikuludalaiva ikaterereka kamodzi, tileke pomwepo. Tiyambe tachotsa dothi m'mtandamo ndi singano, pakuti fumbi limaletsa nsonga kulowa pansi. Tidonthezere mafuta omasulira dzimbiri m'mbali mwa mutu, tidikire kanthawi, ngakhale usiku wonse. Pambuyo pake tiike sikuludalaiva yokwana bwino, tiigogode pang'ono ndi nyundo kuti dzimbiri lisweke, ndipo potembenuzira kumanzere tikanikize pansi ndi mphamvu yoposa yopotozera.

Zikakanika izi, pali chida china chimene amakaniko ambiri ali nacho, sikuludalaiva yomenya ndi nyundo, imene imatembenuka yokha pakumenyedwa. Koma kabokosiko n'kosalimba, tsono tikachirikize pansi pake ndi mtengo, timenye mwachifatse. Ngati mtanda watheratu, titenge chitsulo chosongoka, tichiike m'mphepete mwa mutu mopendekera, tigogode kuti mutuwo uyendere kumanzere. Njira yotsiriza ndiyo kuboola mutuwo ndi chiboolero kufikira utaduka. Mutu ukachoka chivundikiro chimanyamuka, ndipo kachidutswa kotsala kamatuluka ndi pulayazi, nthawi zambiri mosavuta, popeza chimene chinkakakoka chachoka.

Pali zinthu zitatu zimene tiyenera kuzipewa. Choyamba ndi moto: ena amaotcha bawuti yokana, koma pano pali timphira tosunga mafuta, ndipo tikapsa buleki yafa. Chachiwiri, tisalole tizidutswa tachitsulo kugwera m'mafuta. Tipukute bwino tisanatsegule. Chachitatu, mafuta a mtundu uliwonse asakhudze mbale ya buleki kapena zogwirira zake, pakuti zikanona sizigwiranso. Mafuta a buleki amawononganso utoto, kotero tiphimbe thanki ndi nsalu. Pomanganso tiike kasikuluwu katsopano, tikamange mokwanira pokha, osati ndi mphamvu yonse ya mkono.

Koma choopsa chachikulu sichili m'chitsulo ayi, chili mumtima mwa mwini njinga. Kasikuluwu kakakana, pamabwera ganizo lakuti, tisiye, buleki ikugwirabe, tidzaona mwezi wa mawa. Mwezi upita, chaka chipita, mafuta nada ngati tiyi. Kodi amene adzalipira ulesi umenewu ndani? Kapena ndi mayi wodwala amene wakhala kumbuyo, kapena mwana wa sukulu wodutsa msewu patsinde pa chitunda. Iwo sadziwa za kasikuluwu aka, adalira ife. Wonyamula mnzake pa njinga wasenza moyo umene Mulungu analenga, ndipo adzayankha za moyowo.

Kulinso kunyada, kumene kumaletsa munthu kupita kwa mnzake kukabwereka chida choyenera kapena kukafunsa nzeru. Safunsa anadya phula. Kuyenda mtunda wa ola limodzi kukapeza makaniko kuli kotchipa koposa kugula kabokosi katsopano, ndipo kabokosi katsopano n'kotchipa koposa maliro.

Chifukwa chake tikupemphani, inu nonse okhala ndi njinga zamoto, ndi inu akulu a mpingo osunga njinga ya abusa: yang'anani timasikuluwu timeneti mvula isanayambe. Ngati pali kadontho pamutu, funani sikuludalaiva ya JIS, muisunge pamodzi ndi zida zina za njingayo. Ntchito yochitidwa modekha Loweruka idzafikitsa anthu kwawo amoyo.