Cimanga ca Kutsindwi

M'midzi yozungulira Magwero, kumene atumiki a Dutch Reformed Church anayamba nchito yao m'caka ca 1899, pafupi ndi Fort Jameson, amene lero achedwa Chipata, Akristu anazolowera mwambo wa masika. Atatha kukolola amapangana tsiku, nabwera nazo mphatso zao ku chalichi: madengu a cimanga, nsawa, maungu, nkhuku, ena ngakhale mbuzi. Zinthuzo zimagulitsidwa, ndipo ndalama zace zimathandiza nchito ya mpingo. Ndilo tsiku loyamika Mulungu. Koma kunena zoona, ndilonso tsiku limene maso a anthu amayesa madengu a anzao.

M'mudzi wina wa kumeneko munali mai wamasiye wokalamba, wosasekaseka, amene anali kulera mdzukulu wace, mnyamata wongotsiriza kumene Sitandade 6. M'caka ca 1949 mvula inadula cimanga cisanakhwime. Ku Nyasaland njala ya caka cimeneco inapha anthu, ndipo tsidya lino la malire zokolola zinacepa kwambiri. Masika anacitika ndithu, ndipo ena anapereka kopambana mphamvu zao poopa kunyozeka. Mai uja anabwera ndi kalichero ka nsawa ndi tiki imodzi.

Anthu anang'ung'udza, pakuti onse anadziwa kuti kutsindwi kwa nyumba yace, pamwamba pa moto, kunali mitolo ya cimanga cosankhika, ciri ndi makoko ace, cimene utsi unali kucicinjiriza kwa anankafumbwe. Pobwerera kumudzi mnyamata analephera kupirira.

"Ambuya, mwaticititsa manyazi pamaso pa mpingo. Bwanji simunatsitseko ngakhale mtolo umodzi?"

"Kodi kusukulu kuja anakuphunzitsa kuti mbeu ndi cakudya?" anatero agogo acewo. "Ciri kutsindwico si canga. Sindingacipereke lero, sindingacidyenso. Anangondisungitsa."

Ambiri amayesa kuti mdindo wabwino ndiye wotambasula dzanja msanga. Koma munthu wosungitsidwa cuma ca mwini ayenera kudziwanso nthawi yofumbata, ndipo kufumbata kumawawa koposa, cifukwa wopatsa amayamikidwa pomwepo, pamene wosunga amachedwa waumbombo mpaka tsiku lace litafika. Yosefe anatha zaka 7 alikusonkhanitsa tirigu asanatsegule nkhokwe za Farao. Koma iye anasunga pa nthawi ya mwanaalirenji, si pamene mimba yace inali kulira.

Pofika Okutobala m'nyumba muja anali kudya kamodzi pa tsiku, phala la gaga, kapena mango osapsa ophika. Usiku wina mnyamata anakwera pa mtondo, natambasulira dzanja kutsindwi, poganiza kuti agogo ali m'tulo. Mumdima munamveka mau awiri okha: "Tsika, ungagwe." Anatsika, ndipo nkhaniyo sinachulidwenso.

Covuta koposa cinadza tsiku lina pamene mai wa nyumba yoyandikana anafika ndi mwana wolira kumbuyo, napempha ngala ziwiri zokha. Wokalambayo anampatsa phala lace lonse la tsiku limenelo, nagona ndi njala, koma cimanga anakaniza. Wopemphayo anacoka akuyang'ana kutsindwi, ndipo sanamkhululukire mpaka kale. Nkovuta kumdzudzula, pakuti amene wabereka mwana wanjala saganiza za dzinja.

Mvula itagwa, kunaoneka kuti mabanja ambiri anali atadya mbeu zao. Minda inali yolimidwa, mizere yokonzeka, koma cobzala panalibe. Pamenepo mai uja anaitana mdzukulu wace, nati, "Tsopano kwera." Anakhala masiku awiri akutonola cimangaco, ndipo mnyamata anayenda nyumba ndi nyumba ndi kambale, osadumpha ngakhale makomo a iwo amene anang'ung'udza. Agogo anangomuuza kuti anene cinthu cimodzi, kuti amene adzakolola adzabweze kambale komweko ku masika, osati kwa iwo. Zotsala, zimene zinali zocepa kuposa za ena, anabzala m'munda mwao.

Pa masika a 1950 ena anabweza kambale, ena dengu lathunthu, ndipo ena anaiwala. Mai uja sanawerenge. Caka cotsatira mnyamata anapeza nchito ya ukalaliki ku migodi ya ku Luanshya, natumiza masheleni 10 a m'malipiro ace oyamba, pamodzi ndi kalata yopempha kuti agogo agule nsaru yatsopano, popeza yao inali ya zigamba. Iwo anagula khasu ndi mcere, napatula sheleni imodzi ya ku chalichi, namanga zotsalazo pa msonga ya nsaru yakale yomweyo. Anthu a m'mudzi poona zimenezi anati umbombo wa mai uja sunathe.